Kachipangizo kobwezeretsa kumva: zimene madokotala apeza, ndi zimene ndaona ine kuno ku Chigwa

Mwana wa achemwali anga anadwala matenda oumitsa khosi ali ndi zaka 6. Munali mu Okutobala, nthawi ija kuno ku Ngabu dzuwa limaotcha moti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pansi pa mtengo. Anagonekedwa pafupifupi masabata awiri, anachira, tinathokoza Mulungu tikuganiza kuti nkhani yatha. Koma atabwerera kunyumba tinayamba kuona zachilendo, ukamuitana ali chofulatira sakutembenuka, mayi ake akuti katenge ndowa iye akungowayang'ana pakamwa. Agogo ake anati ndi mwano umenewu, mwamusasatitsa kuchipatala kuja. Tsiku lina mbale yachitsulo inagwa pa simenti kumbuyo kwake, ife tonse tinadzidzimuka mpaka galu anathawa, iye anangopitiriza kutong'ola chimanga ngati palibe chachitika.

Tinapita naye pa kachipatala kena, anamuunika m'makutu ndi tochi nkutiuza kuti mulibe mafinya, dikirani zibwerera zokha. Tinadikiradi. Tinapita ku mapemphero, ena anatilozera kwa asing'anga kutsidya la Shire, mpaka miyezi 14 inatha tisanakwere phiri kupita ku Queens. Kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba dzina loti cochlear implant, kachipangizo kobwezeretsa kumva koikidwa pa opaleshoni, ndipo poti malume ndine, nkhani yonse inagwera ine, ndakhala ndikuwerenga usiku pa foni ndi kufunsa aliyense wovala gauni loyera amene wandipatsa mpata. Miyezi 14 ija ndi imene imandiwawa kuposa china chilichonse, muona chifukwa chake.

Tiyambe ndi khutu lenilenilo. Phokoso likalowa limagwedeza kachikopa kopyapyala kokhala ngati ng'oma, kachikopako kamakankha timafupa titatu ting'onoting'ono, timafupato timagogoda pa kachiwalo kopotana ngati chigoba cha nkhono, kukula kwake ngati njere ya nandolo basi. Madokotala amati cochlea, ine ndizingoti kankhono. M'kati mwake muli madzi ndi timaselo tokhala ndi tiubweya toposa 15,000, ndipo mwa timeneti pafupifupi 3,500 ndi timene timasandutsa kugwedezeka kuja kukhala uthenga wamagetsi wopita ku ubongo kudzera mu mtsempha wakumva. Timaselo timeneti tikafa tafa, satimeranso. Chodabwitsa nchakuti nkhuku zimameretsa tina tatsopano, asayansi anatsimikiza zimenezi cha m'ma 1988, koma ife anthu ayi kkk nkhuku yatiposa pamenepa. Zimene zimapha timaseloti ndi zomwe timazidziwa kale kuno: matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, malungo aakulu, chikasu chachikulu cha mwana wakhanda, mankhwala ena amphamvu ngati gentamicin, phokoso la tsiku ndi tsiku ngati la m'chigayo, ndipo ana ena amangobadwa nazo.

Kumva amakuyeza ndi ma decibel, muyeso wa kukula kwa phokoso. Kucheza wamba kumakhala cha pa 60. Munthu amene samva kanthu mpaka phokoso lifike 70 amati vuto lake ndi lalikulu, kupitirira 90 ndiye kuti lafika penipeni, wathuyu makutu onse awiri anapitirira 90. Apa hearing aid ija yovala kukhutu sithandiza kwenikweni chifukwa ntchito yake ndi kukweza mawu basi, zili ngati kukuwa pa foni pamene netiweki palibe, kuwa mpaka mawu asase koma uthenga sukuwoloka.

Ndiye implant imalambalala timaselo takufa tija nkukalankhula ndi mtsempha mwachindunji. Ili ndi mbali ziwiri. Yakunja imakolekedwa kuseri kwa khutu, ili ndi maikolofoni, kakompyuta kakang'ono ndi batire, komanso kachinthu kozungulira kamene kamamatirira pamutu ndi maginito. Yam'kati amaiika pansi pa khungu pa opaleshoni, ndipo kuchokera pamenepo kawaya kofewa kamalowa m'kankhono muja. Pa kawayako pamakhala timfundo totulutsa magetsi, 12 mpaka 22 malinga ndi kampani. Amene munaonako valimba ikuimbidwa kwathu kuno mumvetsa msanga: mitengo yake imayalidwa kuyambira yaifupi ya mawu ang'ono mpaka yaitali ya mawu aakulu, kankhononso ndi chimodzimodzi, pakhomo pake pamamva mawu okwera ngati a mluzu, m'kati mwenimweni mumamva mawu a besi. Kakompyuta kaja kamagawa phokoso nkutumiza chigawo chilichonse pa mfundo yake. Koma taganizani, ntchito ya timaselo 3,500 ikugwiridwa ndi timfundo 22, ndipo magetsi m'madzi amamwazika, moti kafukufuku wa mu 2001 anapeza kuti ambiri amapindula ndi njira pafupifupi 8 zokha ngakhale timfundo tichuluke. Ndi valimba ya mitengo 8 yoimbidwa ndi zibakera. Kuti munthu amamva nayo chilankhulo, ulemu upite ku ubongo osati ku waya.

Mbiri yake sinditaya nayo nthawi. Mu 1957 ku Paris, André Djourno ndi Charles Eyriès anaika waya pa mtsempha wa munthu wosamva ndipo anamvako timaphokoso. William House wa ku Los Angeles anayamba kuika anthu mu 1961, yake inali ya njira imodzi yokha, ndipo akatswiri anzake ambiri ankati akungotaya nthawi. Za njira zambiri zinabwera ndi Ingeborg ndi Erwin Hochmair ku Vienna mu 1977, ndi Graeme Clark ku Melbourne mu 1978, Clark ameneyu bambo ake anali ndi vuto losamva, ndipo nzeru yolowetsera waya m'kankhono anaipeza akusewera ndi udzu ndi chigoba cha nkhono m'mbali mwa nyanja. Mu 1991 Blake Wilson ndi anzake anatulukira njira yoti timfundo tija tisamatulutse magetsi nthawi imodzi koma mosinthana mwachangu kwambiri, ndipo anthu omwewo, waya yemweyo, anayamba kumva mawu bwino. Pofika kumapeto kwa 2019 zipangizo zoposa 700,000 zinali zitaikidwa padziko lonse.

Opaleshoni yake imatenga maola awiri kapena atatu, munthu atagonekedwa tulo. Amacheka kuseri kwa khutu, kuboola fupa, nkudutsa pa kampata kakang'ono kwambiri pafupi ndi mtsempha woyendetsa nkhope, pamenepa ndi pamene dokotala amatuluka thukuta chifukwa akaukhudza pakamwa pamapindika, mwamwayi zimachitika mwa apo ndi apo, osafika munthu mmodzi pa 100. Ena amamva chizungulire masiku angapo, ena chakudya chimasintha kakomedwe kwa kanthawi. Ndipo musaganize kuti munthu amadzuka akumva, ayi, amadikira masabata awiri mpaka anayi bala lipole kenako nkukayatsa. Timavidiyo ta pa Facebook tija ta mwana akulira ndi chimwemwe tsiku loyatsa timanamiza anthu, akuluakulu amene anayamba amvapo amanena kuti tsiku loyamba mawu amamveka ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni, kapena kulira kwa tizitsulo, zimatenga miyezi kuti ubongo uzolowere, ndipo pamafunika kubwerera kuchipatala kambirimbiri kuti katswiri azikonza mphamvu ya mfundo iliyonse pa kompyuta.

Tsopano pa kafukufuku weniweni. Vuto la kafukufuku wa opaleshoni ngati iyi ndi loti sungachite maere kuti mwana uyu timuika lero, uyu adikire zaka zisanu tione kusiyana, palibe kholo lingavomere ndipo ndi nkhanza. Maere anachitikapo pa akuluakulu ku America, anthu 82, zotsatira zinatuluka mu 1993 ndipo zinaonetsa kuti zipangizo za njira zambiri zimaposa za njira imodzi. Koma zambiri zimene tikudziwa zachokera pongotsatira anthu kwa zaka nkumawayeza. Peter Blamey ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za akuluakulu 2,251 amene anasiya kumva atadziwa kale kulankhula, lipoti la 2013, ndipo mwa zinthu zimene zinaoneka kuti zimabweza munthu m'mbuyo ndi kutalika kwa nthawi imene wakhala osamva asanaikidwe. Pamalo a phee ambiri amamva ziganizo bwino ndithu, ena mpaka kuyankha foni, koma ukawapatsa liwu limodzilimodzi popanda chiganizo chowathandiza kulota, amakhoza mawu 5 kapena 6 pa 10. Komanso kusiyana kwake nkwakukulu, wina amakhoza pafupifupi onse wina ochepa kwambiri, opaleshoni yofanana chipangizo chofanana.

Kwa ana obadwa osamva nkhani ya nthawi ndiye yoopsa. Anu Sharma mu 2002 anayeza mmene ubongo wa ana oikidwa implant umayankhira phokoso, anapeza kuti oikidwa asanafike zaka zitatu ndi theka ubongo wawo umafanana ndi wa ana akumva, koma oikidwa atapitirira zaka 7 ambiri sufikapo. Chifukwa chake nchakuti ubongo susunga munda wogonera, mbali imene inayenera kumva ikakhala osalimidwa, maso ndi kukhudza zimalowerera nkulimamo zawo. John Niparko ndi anzake anatsatira ana 188 m'zipatala 6 za ku America kwa zaka zitatu, kuwayerekeza ndi ana 97 akumva bwinobwino, lipoti linatuluka 2010: oikidwa asanakwane miyezi 18 chilankhulo chawo chimakula pa liwiro loyandikira la anzawo akumva, ochedwa amatsalira ndipo mpatawo sutsekeka msanga. Anapezanso kuti mmene makolo amachezera ndi mwana kunyumba zimasintha zotsatira. Nchifukwa chake ku America msinkhu wololedwa wakhala ukutsika, zaka 2 mu 1990, miyezi 12 mu 2000, miyezi 9 mu 2020. Ndiye ganizirani kwathu kuno kumene mwana wa zaka zitatu wosalankhula timati aaa musadandaule bambo akenso anachedwa kuyankhula.

Wathuyu mwayi wake ndi woti anali atadziwa kale kulankhula, ubongo wake unalimidwa kale. Tsoka lake ndi matenda amene anamugwira. Matenda oumitsa khosi akalowa m'kankhono amasiya zipsera, ndipo zipserazo zimasanduka fupa, madzi aja nkulowedwa m'malo ndi fupa lolimba moti kawaya kamasowa polowera. Zimenezi zimatha kuyamba patangopita masabata ochepa. Kumaiko kumene zinthu zili m'malo mwake, mwana aliyense wochira matendawa amayezedwa makutu asanatuluke m'chipatala kapena patangopita masabata ochepa, ndipo akapezeka kuti sakumva opaleshoni imachitika mwachangu ngati ngozi. Ife tinali pa mzere wa mapemphero. Sindikunyoza pemphero ayi, inenso ndimapemphera, koma munthu wa tochi uja akanangonena kuti thamangani ku Blantyre sabata ino, tikanagulitsa mbuzi tsiku lomwelo.

Matenda omwewa alinso mbali ina ya nkhaniyi. Cha m'ma 2002 kunamveka kuti ana ena oikidwa implant akudwala matenda oumitsa khosi, ndiye ofufuza a boma ku America anatsatira ana 4,264 nkupeza 26 amene anadwala, kuposa ka 30 poyerekeza ndi ana ena a msinkhu womwewo. Atafufuza anapeza kuti ambiri anali ndi mtundu wina wa chipangizo umene unali ndi kamphero kokankhira waya, kameneko kanachotsedwa pa msika chaka chomwecho, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wokaikidwa amayenera kubayidwa katemera wa pneumococcus, kachilombo kamene kamayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Katemera ameneyu ku Malawi anayamba kuperekedwa kwa ana mu 2011, ndi mmodzi mwa aja a kusikelo amene amayi ena amadumphitsa mvula ikagwa msewu ukaduka.

Pali zina zimene chipangizochi chimalephera ndipo ofufuza savutika kuvomera. Pa phokoso, ngati pa msika wa Nchalo tsiku la malipiro, kumva kumatsika kwambiri. Nyimbo ambiri sazimva kukoma, kugunda kwa ng'oma amakumva koma kukwera ndi kutsika kwa mawu kumasokonekera. Apa ine ndinaima kaye, chifukwa Chichewa chathu chimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika timasiyanitsa ndi kamvekedwe basi, khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. Ku China, kumene chilankhulo chawo chimadalira zimenezi kuposa ife, kafukufuku waonetsa kuti oikidwa implant amavutika nako kamvekedweka kuposa anthu akumva, ngakhale ana oikidwa msanga amachitako bwino. Chiganizo chimapulumutsa, palibe angaganize kuti wakwera mtengo wa shuga kukathyola mango.

Nanga kuno kwathu zimachitika? Eya. Ku Queens kuli Dr Wakisa Mulwafu, amene kwa zaka zingapo anali dokotala yekhayo wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi pakhosi m'dziko lonse lino, ndipo mothandizana ndi David Strachan wa ku Bradford ku England ndi kampani ya MED-EL ya ku Austria anayamba kuika ana mu 2014. Lipoti la ana anayi oyambirira linatuluka mu 2017. Anayamba ndi ana amene anasiya kumva atadziwa kale kulankhula, ndipo ukaganiza nzomveka, mwana wotere safuna zaka zambiri za mphunzitsi wa kalankhulidwe, amangofunika kukumbutsidwa zimene ubongo ukudziwa kale. Ku Lilongwe kulinso ABC Hearing Clinic kumene amayeza makutu.

Koma kafukufuku amene anandigwira mtima kwambiri si wa opaleshoni. Ku Thyolo, oyandikana nafe pamwamba apa, ana 150 anapezeka ndi vuto la makutu nkupatsidwa makalata opita ku Queens, atawatsatira anapeza kuti amene anapita ndi 5 okha. Asanu pa 150! Zifukwa zake ndi zathu zomwezi, thiransipoti, kusadziwa kuti ukafika pachipatala chachikulu chija ulowera khomo liti, kuopa opaleshoni, ndi kusamvetsa zimene kalatayo ikunena. Ngati a ku Thyolo zikuwavuta, nanga wa ku Marka kapena Makhanga amene madzi akasefukira ngati nthawi ya Freddy mu 2023 amayendera bwato? Kuno ku Chikwawa komweko ofufuza anayeza ana 281 a zaka 4 mpaka 6 ndipo pafupifupi mmodzi pa 20 aliwonse anali ndi khutu lotuluka mafinya losapola. Limenelo silifuna implant, limafuna kutsukidwa ndi mankhwala odonthezera, koma timalisiya mpaka mwana azikhala kumbuyo m'kalasi aphunzitsi nkumati ndi mbuli. Bungwe la WHO limati pa ana 10 osamva, 6 vuto lawo likanapeweka.

Za ndalama ndiye musafunse. Ku America zonse pamodzi zimayambira madola 30,000 kupita m'tsogolo, sinthani nokha mu makwacha ine mutu ukundipweteka. Ndipo ngakhale wina akupatseni chipangizo chaulere, ulendo wangoyamba. Mabatire otaya amatha masiku awiri kapena atatu, otchaja amafuna magetsi tsiku lililonse ndiye kumudzi ndi sola basi. Timawaya takunja timaduka, mwana ndi mwana. Mbali yakunja ija imadana ndi chinyezi, thukuta ndi fumbi, ndiye tangoganizani kutentha kwa ku Nsanje kopitirira madigiri 40, thukuta lili chuchuchu kuseri kwa khutu, usiku uliwonse kamayenera kugona m'kabokosi koumitsira. Pakapita zaka zingapo mbali yakunjayo imafuna kusinthidwa. Ikafa popanda ina, mwana amabwerera mu zii muja tsiku lomwelo ali ndi waya m'mutu. Susan Emmett ndi anzake anawerengera zonsezi mu 2015 m'maiko 6, South Africa, Nigeria, Kenya, Rwanda, Uganda ndi Malawi, anapeza kuti pa mitengo ya nthawi imeneyo implant imabweza phindu lokwanira ndalama zake ku South Africa ndi Nigeria kokha, pamene sukulu za ana osamva zimapindula m'maiko onse 6. Zowawa kumva koma ndi masamu.

Ndipo a m'gulu la osamva, ngati a bungwe lawo la kuno ku Malawi la MANAD, ali ndi mfundo imene ine poyamba sindinkaifuna kumva, yoti kusamva si kupusa ndipo chilankhulo chamanja ndi chilankhulo chathunthu. Mwana amene akudikira opaleshoni imene mwina sibwera asakhale zaka zopanda chilankhulo chilichonse, ubongo uja ukufuna chilankhulo, kaya chilowere m'khutu kaya m'maso. Sukulu zilipo, Mountain View ku Bvumbwe, Maryview ku Nguludi, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba. Ngakhale woikidwa implant akavula posamba kapena pogona samva kanthu, manja amamuthandizabe. Ine ndasiya kuona ngati ndi mpikisano.

Zatsopano zikubwera, mu 2024 madokotala a ku Shanghai analengeza kuti mwa ana 6 obadwa osamva chifukwa cha vuto la jini (malangizo a chibadwa ochokera kwa makolo) yotchedwa OTOF, 5 anayamba kumva atathiridwa mankhwala okonza jiniyo m'kankhono, popanda waya. Ku Göttingen ku Germany akuyesa kugwiritsa ntchito kuwala m'malo mwa magetsi poti kuwala sikumwazika ngati magetsi m'madzi. Zosangalatsa, koma za jinizo zimathandiza ana ochepa amene timaselo tawo tili moyo, wathuyu take tinafa ndi matenda, sizimukhudza.

Sikani yojambula m'makutu mwa wathuyu itatuluka anatiuza kuti kumanzere fupa latseka kale, kumanja njira ikadalipo koma yachepa. Akutionabe, tsiku lobwerera ndalilemba pa kalendala ya kutchalitchi ndipo ndalama ya thonje ya chaka chino ndaipatula kale ya minibasi, anthu awiri kupita ndi kubwera. Kunyumba timayesetsa kumulankhulitsa tsiku lililonse kuti mawu asathawe, timamuyang'ana kumaso polankhula, madzulo timakhala pafupi ndi nyali kuti aziona milomo. Agogo ake aja amene ankati ndi mwano ndi amene aphunzira zizindikiro zamanja zambiri kuposa tonse. Mawu ake ayamba kusintha, amakweza kwambiri osadziwa, ndipo "s" wayamba kutayika poti sadzimva yekha. Dzulo anandipeza ndikumanga katundu pa njinga nkundifunsa kuti, malume, mawa ndipita ku ukulu?